Kubadwa kwa Kaumbwe: Malire a Dera la Phungu Azitsata Anthu

Pa 11 August 2016, anthu a kum'mwera kwa boma la Petauke, kumka kumalire a dziko lathu ndi Mozambique, anaponya voti yosankha phungu wa dera limene dzina lake linali lisanaitanidwepo m'Nyumba ya Malamulo ciyambire. Dera limeneli ndi Kaumbwe, ndipo a Listed Tembo, amene anaima m'dzina la cipani ca Patriotic Front, ndiwo anayamba kukhala pa mpando wake. Midzi inali yomwe ija, minda yomwe ija, ngakhalenso mafumu ndi nyakwawa anali omwe aja. Cimene cinasintha ndi mzere umodzi wokha pa mapu a Boma. Koma mzere umenewo unapatsa anthu aja pakamwa pawopawo m'nyumba imene imapanga malamulo ndi kugawa cuma ca dziko. Cifukwa ca ici, nkhani ya malire a madera a aphungu siyenera kusiyidwa m'manja mwa akatswiri a mapu ndi andale okha iai. Ndi nkhani ya mlimi, ya mai wogulitsa pamsika, ndiponso ya mnyamata amene wangotenga kumene citupa cake coponyera voti.

Tiyeni tiyambe ndi kufotokoza m'mene Kaumbwe anabadwira, pakuti alipo ambiri amene amayesa kuti inali mphatso cabe ya andale. Mu 2012, malemu a Michael Sata, amene anali Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analengeza boma latsopano la Sinda, limene linadulidwa mbali ina ku Katete ndi mbali ina ku Petauke. Citacitika ici, dera lakale la Kapoche linapezeka lili ndi phazi limodzi m'Sinda ndi lina m'Petauke. Phungu mmodzi anayenera kugogoda pa maofesi a maboma awiri, kukambirana ndi makhonsolo awiri, ndi kutsatira mabuku awiri a nchito za citukuko. Tsono Lamulo Lalikulu la dziko, monga linakonzedwa kuciyambi kwa 2016, linanena momveka kuti dera la phungu liyenera kukhala lonse lathunthu m'kati mwa boma limodzi. Motero dzina la Kapoche linatsala m'Sinda, ndipo mbali imene inatsala m'Petauke, kumene kuli dziko la Mfumu Mwanjawanthu, inapatsidwa dzina latsopano ndi mpando watsopano.

Palibe munthu woganiza bwino amene angamane anthu a Kaumbwe mpando wawo. Mudzi umene phungu wake ali ndi mtima ku boma lina umakhala ngati mwana wopeza, amene amadya ena atakhuta. Kugawa kuja kunacotsa cisokonezo, ndipo kunali koyenera. Koma wofuna kumvetsa nkhaniyi asaime pa Kaumbwe yekha, ayang'anenso anzake amene anabadwa naye caka comweco.

Madera atsopano a mu 2016 anali asanu ndi limodzi, ndipo anakweza mipando yosankhidwa kucokera pa 150 kufika pa 156. Kuwonjezera pa Kaumbwe, panali Lufubu m'boma la Ngabwe m'cigawo ca Pakati, Chirundu m'mbali mwa Zambezi, Nkeyema ndi Sioma m'cigawo ca Kumadzulo, ndipo ku Luapula boma la Chembe linapatsidwa phungu wakewake. Owerenga aone cinthu cimodzi: madera onsewa anabadwa kwa mai mmodzi, ndiye boma latsopano. Ngabwe, Chirundu, Nkeyema, Sioma, Chembe ndi Sinda onse ndi maboma amene analengezedwa m'nthawi ya a Sata. Palibe ngakhale dera limodzi mwa amenewa limene linabadwa cifukwa cakuti kalembera anapeza kuti anthu aculuka kopambana phungu mmodzi. Mzinda wa Lusaka, umene unali kutupa ndi anthu caka ndi caka, unatsala ndi aphungu ake 7 aja, a Chawama, Kabwata, Kanyama, Lusaka Central, Mandevu, Matero ndi Munali. Cigawo ca Migodi naco cinatsala ndi mipando yake 22.

Apa ndi pamene pali cobvuta cimene ambiri sacipenya. Mphamvu yolemba malire a madera a aphungu inapatsidwa kwa kabungwe koyendetsa masankho ka Electoral Commission of Zambia, ndipo inapatsidwa kumeneko dala, kuti wolamulira kapena wofuna kulamulira asamadzidulire yekha munda umene adzakololamo mavoti. Koma mphamvu yolengeza boma latsopano ili ndi Mtsogoleri wa dziko. Tsono ngati lamulo likuti dera lisadumphe malire a boma, ndiye kuti wolengeza boma ndiye amatsogola, ndipo kabungwe ka masankho kamangobwera pambuyo kudzasoka pamene pang'ambika. Ngolo yatsogola, ng'ombe zili m'mbuyo. Pa kalembera wa 2010 maboma a dziko lino anali 72. Pofika 2018 anali 116. Sitikunena kuti atsogoleri amene analengeza maboma amenewa anali ndi maganizo oipa, pakuti kufikitsa maofesi a Boma pafupi ndi anthu ndi nchito yabwino, ndipo amene anayendapo ulendo wa masiku awiri kukatenga citupa ca dziko amadziwa ubwino wake. Tikunena kuti khomo limeneli ndi lotseguka, ndipo khomo lotseguka silisankha wolowa.

Kuti zingatheke kulengeza boma popanda kung'amba dera, cigawo cathu ca Kum'mawa cinaonetsa mu 2018. Maboma a Chipangali, Kasenengwa, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi analengezedwa motsata madera a aphungu amene analipo kale, Lusangazi potenga dera la Msanzala. Panalibe mpando umene unayenera kupangidwa mwacangu cifukwa ca maboma amenewa.

Nanga lamulo limati malire azilembedwa bwanji? Ndime 58 ya Lamulo Lalikulu, monga inalembedwa mu 2016, imalamula kabungwe ka masankho kupendanso maina ndi malire a madera ndi mawadi zisanapyole zaka khumi. Ndime 59 imachula zimene kabungweka kayenera kuyang'ana: mbiri ya anthu a m'deralo ndi kugwirizana kwawo, kuculuka kwa anthu ndi m'mene akuwonjezekera, miseu ndi njira zolankhulirana, mapiri, mitsinje ndi madambo, kuti dera likhale m'kati mwa boma limodzi, ndiponso kuti ciwerengero ca anthu m'madera onse cikhale cofananako, mosaiwala zosowa za mizinda ndi za malo amene anthu amakhala motalikirana. Zonsezi ndi zanzeru. Koma mau akuti "cofananako" alibe muyeso. Lamulo silinanene kuti dera lalikulu lingapose laling'ono ndi anthu angati. Ndipo pamene lamulo lakhala cete, zinthu zimakula monga udzu m'munda wosapalira.

Tiyeni tione ziwerengero, pakuti izo sizikondera cipani. Pa masankho a January 1964, ufulu uli pafupi, Nyumba ya Malamulo inali ndi mipando 75, ndipo 10 mwa imeneyi inali yopatulidwira kaundula wa Azungu. Mu 1968 mipando yosankhidwa inakhala 105, ndipo kalembera wa 1969 anapeza anthu opyola pang'ono 4 miliyoni, kutanthauza kuti phungu mmodzi anali kuimira anthu pafupifupi 39,000. M'nthawi ya cipani cimodzi, pa masankho a 1973, 1978, 1983 ndi 1988, mipando inali 125. Mu 1991, pobwerera ku zipani zambiri, inakwera kufika pa 150, phungu mmodzi pa anthu pafupifupi 50,000. Pamenepo ciwerengero cinaima nji kwa zaka 25, pamene anthu anali kubadwa, kukwatira ndi kusamukira m'mizinda. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 19.6 miliyoni. Tikagawa amenewa pa mipando 156 imene inalipo caka cimeneco, phungu mmodzi anali atasenza anthu pafupifupi 126,000, katundu woposa katatu wa phungu wa mu 1968.

Komatu katunduyo akanakhala wofanana kwa onse, tikanangoti dziko lakula. Cowawa ndi cakuti sanali wofanana. Pa masankho a 2021 dera la Kanyama linali ndi olembetsa kuponya voti opyola 170,000, pamene Lufubu anali ndi osafika 12,000. Onse awiri anatumiza phungu mmodzi mmodzi, ndipo m'Nyumba ya Malamulo dzanja la wina silinali lalitali kuposa la mnzake. Ici citanthauza kuti voti imodzi ya ku Ngabwe inali kulemera monga mavoti 14 kapena kuposa a ku Kanyama. Mzinda wonse wa Lusaka, ndi anthu ake opyola 2.2 miliyoni pa kalembera wa 2022, unali ndi phungu mmodzi pa anthu opyola 300,000.

Acikulire amene anaona nkhondo ya ufulu adzakumbukira kuti dziko lino linakanapo kale muyeso wotere. Pa masankho a 1962 atsamunda anagawa mipando 45 m'magulu atatu, 15 ya kaundula wapamwamba, 15 ya kaundula wapansi, ndi 15 imene ankati ya dziko lonse. Kaundula wapamwamba, m'mene munadzala Azungu, anali ndi anthu osafika 40,000, pamene wapansi anali ndi opyola 90,000, osawerenga unyinji wa anthu akuda amene sanaloledwe kulembetsa konse cifukwa ca kusowa cuma ndi sukulu. Makolo athu anapfuula kuti munthu mmodzi akhale ndi voti imodzi. Sanatanthauze pepala limodzi cabe loponya m'bokosi; anatanthauza kuti mau a munthu aliyense alemere cimodzimodzi. Zoona, kusiyana kwa Kanyama ndi Lufubu sikunapangidwe ndi tsankho la khungu, ndipo palibe amene anakhala pansi kukonza kuti zikhale tero. Kunangokula pang'onopang'ono cifukwa ca kucedwa. Koma kwa mai wa ku Kanyama amene voti yake inapepuka, cifukwa cake sicicepetsa kutaya kwake.

Tikudziwa yankho la anzathu a kumidzi, ndipo tiyenera kulimva ndi ulemu, pakuti ife eni ake ndife ana a kumidzi. Amati phungu wa m'tauni angazungulire dera lake lonse m'mawa umodzi ndi kubwerera kukadya nsima kunyumba, pamene phungu wa Malambo, wa Chama North kapena wa Lumezi amatha masiku ali pa ulendo, ndipo mvula ikagwa m'cigwa ca Luangwa midzi ina imadulidwa kwa miyezi, mitsinje itadzala ndi miseu itasanduka matope. Ku Ngabwe kuli madambo a Lukanga ndi mtsinje wa Kafue. Phungu amene sangathe kufika kwa anthu ake ali ngati m'busa woweta ng'ombe zimene sanazione. Zonsezi ndi zoona, ndipo ndi cifukwa cake lamulo limalola kuti dera lotakata likhale ndi anthu ocepa. Lamulo Lalikulu la 1991 linafika ponena kuti cigawo ciliconse cikhale ndi madera osacepera khumi, kuti zigawo za anthu ocepa zisamizidwe ndi za m'mbali mwa njanji. Koma kulola kusiyana si kulola kusiyana kopanda malekezero. Kutalika kwa ulendo kungalungamitse kuti dera lina likhale ndi theka la anthu a linzake. Sikungalungamitse kuti likhale ndi gawo limodzi mwa magawo khumi ndi anai.

Maiko ena a mu Africa muno anaona ngozi imeneyi ndipo anaika muyeso m'malamulo awo. Lamulo Lalikulu la Kenya la 2010 limati anthu a dziko lonse agawidwe pa ciwerengero ca madera, ndipo dera lisapatuke pa muyeso umenewo ndi anthu opyola 40 pa 100 alionse ngati ndi la mumzinda waukulu kapena la malo a anthu otalikirana, ndi 30 pa 100 alionse kwa madera ena onse. La Zimbabwe la 2013 linaika malire pa 20 pa 100 alionse a olembetsa kuponya voti. Sitikuti maiko amenewa alibe mikangano ya malire. Ali nayo yambiri. Koma kumeneko munthu wodandaula ali ndi nambala imene angapite nayo kubwalo la milandu, ndipo kabungwe kali ndi nambala imene kangaonetse wandale wobwera kudzapempha zosayenera. Muyeso umateteza wogula, umatetezanso wogulitsa.

Ife a cigawo ca Kum'mawa tilibe cifukwa coopera muyeso wotere. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opyola 2.4 miliyoni m'cigawo cino, ndipo boma la Chama litabwezedwa kucokera ku Muchinga mu 2021, madera athu anakhala 20. Kugawa kwake kumapatsa anthu pafupifupi 123,000 pa phungu mmodzi, pafupi kwambiri ndi muyeso wa dziko lonse wa nthawiyo. Cigawo cino ndi ca anthu ambiri, ndipo kuwerenga mitu kumatikomera. Nchito yathu yaikulu ili m'kati mwa nyumba yathu yomwe, pakati pa madera odzala monga Chipata Central ndi Petauke Central ndi ena aang'ono monga Vubwi.

Tsono pali cinthu cimene casandutsa nkhani ya malire kukhala yotentha kuposa kale, ndico ndalama. Thumba la citukuko ca madera, limene anthu onse amalidziwa ndi dzina lakuti CDF, linayamba mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri linali laling'ono, lokwanira kukhoma malata pa sukulu imodzi ndi kukumba zitsime zingapo. Mu 2021 linali K1.6 miliyoni pa dera limodzi. Mu 2022 Boma la a Hakainde Hichilema linalikweza kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 linafika pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. Ndalama zimenezi zinamanga makalasi ndi zipatala zazing'ono, zinagula madesiki, zinalipirira ana sukulu za sekondale zogonera komweko ndi maphunziro a nchito za manja. Koma zinagawidwa mofanana pa dera lililonse, lalikulu ndi laling'ono lomwe. Tikatenga K25.7 miliyoni ya 2022 ndi kuigawa pa olembetsa voti a 2021, wa ku Kanyama agwira pafupifupi K150, wa ku Lufubu agwira zopyola K2,000. Anthu si opusa. Anaona msanga kuti dera likagawidwa pawiri, thumba limabwera kawiri pa midzi yomwe ija. Kucokera pamenepo, mfumu iliyonse, khansala aliyense ndi aliyense wolota za mpando anayamba kuona kuti dera la kwawo ndi lalikulu kopambana.

Sitiwadzudzula. Mwana akalira njala sitimufunsa ngati wawerenga nkhokwe. Koma ndi pa cifukwa comweci kuti wogawa ayenera kukhala ndi muyeso wooneka ndi maso a onse, pakuti opempha akaculuka ndipo muyeso palibe, amalandira ndi amene ali ndi liu lalikulu, kapena amene ali ndi mbale wake pafupi ndi mphika. Ndipo tisaiwale kuti walira mvula walira matope. Mpando uliwonse watsopano umadza ndi malipiro a phungu, ndalama za misonkhano, ofesi ya m'dera ndi anchito ake, ndi thumba lina la CDF. Zonsezi zimacokera m'nkhokwe imodzi yomwe imagula mankhwala ndi fataleza.

Kabungwe ka masankho kanayendera maboma a dziko lino mu 2019 kumva maganizo a anthu pa nkhani ya malire. Zipatso zina za ulendo umenewo zinaoneka pa masankho a 2021, pamene mawadi anawonjezeka kucokera pa 1,624 kufika pa 1,858, ndipo malo oponyera voti anafika pa 12,152. Koma madera a aphungu sanasinthe, cifukwa ciwerengero ca mipando cinalembedwa m'Lamulo Lalikulu lenilenilo, ndipo kucisintha kumafuna aphungu awiri mwa atatu alionse. Bill 10, imene mwa zina inafuna kucotsa ciwerengeroco m'Lamulo Lalikulu, inagwa mu October 2020 itapeza mavoti 105 pamene inafunika 111. Nkhaniyi inabweranso mu 2025 ndi Bill 7. Mu June caka cimeneco bwalo loona za Lamulo Lalikulu linagamula kuti anthu sanafunsidwe mokwanira. Panakhazikitsidwa komiti yotsogozedwa ndi woweruza wopuma nchito a Christopher Mushabati kukamva maganizo m'zigawo, ndipo mu December 2025 Nyumba ya Malamulo inabvomereza, Mtsogoleri wa dziko nasaina. Lamulolo linakweza madera kucokera pa 156 kufika pa 226, ndi kuwonjezera mipando 40 ya amai, acinyamata ndi olemala.

Madera 70 atsopano pa nthawi imodzi ndi cinthu cimene dziko lino linali lisanacionepo. Tikagawa anthu a kalembera wa 2022 pa mipando 226, phungu mmodzi agwera anthu pafupifupi 87,000. Imeneyi ndiyo nambala imene owerenga aisunge pamtima, pakuti ndi nayo angayese dera lililonse latsopano, la kwawo ndi la kwa anzawo. Kuwonjezera mipando pakokha sikucotsa kusalingana. Mungathe kuwonjezera mipando 70 ndi kusiya voti ya wina ikulemerabe kakhumi kuposa ya mnzake, ngati mipandoyo yagawidwa monga nyama ya pa maliro, kuti cigawo ciliconse cilaweko ndipo pasakhale wodandaula.

M'nthawi ya cipani cimodzi mzere wa pa mapu unkatha kukomera munthu wina pa mnzake, koma sunkatha kukomera cipani, popeza opikisana onse anali a nyumba imodzi. Kuyambira 1991 zinthu zinasintha. Aliyense amadziwa zigawo zimene cipani cakuti cimakolola mavoti ambiri, ndipo dera latsopano likaikidwa kumeneko, anthu amayamba kunong'onezana, ngakhale pamene kugawako kunali kolungama. Mcitidwe wodula malire mokomera wolamulira ndi wakale ndithu. Ku America amaukumbukira ndi dzina la Elbridge Gerry, bwanamkubwa wa Massachusetts, amene mu 1812 anasaina lamulo lopanga dera lokhotakhota ngati buluzi kuti cipani cake cipambane. Mankhwala a manong'onong'o ndi amodzi okha, kuika zonse poyera. Pamene Bill 7 inali kukambidwa, mabungwe ambiri ndi zipani zotsutsa anapempha kuti lipoti la malire lionetsedwe kwa anthu, ndipo pempho limenelo linali loyenera. Lipoti la malire si kalata yacinsinsi. Liyenera kupezeka pa ofesi ya khonsolo iliyonse, liwerengedwe pa wailesi m'zinenero zathu zisanu ndi ziwiri za pa mphepo, lili ndi ciwerengero ca anthu a dera lililonse ndi cifukwa cimene mzere unapitira apa osati apo. Kabungwe kamene kagwira nchito yake molungama sikataya kanthu poonetsa masamu ake.

Pali mantha ena amene amabuka nthawi zonse m'misonkhano ya malire, ndipo tiyenera kuwacotsa. Anthu ambiri, ngakhale nduna za mafumu, amayesa kuti mzere wa dera la phungu ukadutsa pakati pa dziko la mfumu, ndiye kuti mfumuyo yalandidwa malo. Si tero iai. Malire a mafumu ali ndi mapu awoawo, aja a mu 1958, ndipo kabungwe ka masankho kalibe mphamvu yowakhudza. Munthu amene mudzi wake waikidwa m'dera latsopano amalimabe munda wake, amaikabe maliro ku manda a makolo ake, amaweruzidwabe pa bwalo la mfumu yake, ndipo amapitabe ku Kulamba, ku Nc'wala kapena ku Tuwimba monga mwa masiku onse. Cimene casintha ndi dzina la pa pepala la voti ndi thumba limene sukulu ya pamudzipo idzapemphako madesiki. Mfumu imodzi ingakhale ndi aphungu awiri m'dziko lake, ndipo imeneyo yapindula, pakuti ili ndi makomo awiri ogogodapo. Koma tikalola kuti mfumu iliyonse ifune dera lakelake, kapena mtundu uliwonse mpando wakewake, tidzakhala tikumanga mipanda imene dziko lino linagwetsa pa ufulu. Ngakhale dzina la dera lisankhidwe mosamala. Dzina la mtsinje kapena la phiri limene onse amamwako kapena kulipenya limasonkhanitsa anthu, pamene dzina la mfumu imodzi m'dera la mafumu atatu limabala mkangano umene ungakhale zaka.

Kwa aphungu athu, amene ali ndi mphamvu yokonza malamulo, pempho ndi la zinthu ziwiri. Coyamba, aike nambala pa mau aja akuti "cofananako", kaya ndi 30 kaya ndi 40 pa 100 alionse, ndi cilolezo capadera colembedwa kwa madera a m'zigwa ndi m'madambo, kuti kabungwe kakhale ndi cingwe coyezera ndi bwalo la milandu likhale ndi poimira. Caciwiri, boma latsopano lisanalengezedwe, kabungwe ka masankho kazifunsidwa ngati malire ake adzang'amba dera la phungu, ndipo yankho lake liziikidwa pamaso pa Nyumba ya Malamulo. Kaumbwe anabadwa bwino, koma anabadwa pofuna kukonza cimene cinang'ambika kale. Madera obwera azibadwa cifukwa anthu awerengedwa. Ndipo ngati thumba la CDF likanamagawidwa mbali ina mofanana ndi mbali ina motsata kuculuka kwa anthu ndi umphawi wa dera, theka la mikangano ya malire likanazirala lokha.

Kwa inu owerenga, lamulo lija la zaka khumi litanthauza kuti kabungwe kadzabweranso pa boma lanu, ndipo ambiri a inu mudzakhala mulipo. Tsiku limenelo musasiyire holo ya khonsolo kwa ofuna mipando okha. Apite alimi a m'makopaletivu, apite amai a m'magulu, aziphunzitsi, abusa ndi nyakwawa. Akafika afunse kuti dera limene likuganiziridwa lidzakhala ndi anthu angati, ndi kuti lotsalalo lidzakhala ndi angati. Afunse ngati mudzi wa tsidya la mtsinje ungathe kufika ku likulu la deralo m'mwezi wa February. Ndipo aonetsetse kuti mafunso awo ndi mayankho ake alembedwa m'buku la msonkhano. Malire akalengezedwa, aliyense apite kukaona dzina lake m'kaundula nthawi yoonetsa maina isanathe, adziwe wadi yake, dera lake ndi malo ake oponyera voti, pakuti dzina likasocera pa kusamuka kwa mizere, tsiku la masankho palibe amene angalibweze.